NYIMBO YA CHINYANJA IMENE IDAUKA PATAPITA ZAKA 47

Pa 21 Okutobala 2024 woimba wina wotchuka wa ku America, Tyler, the Creator, adatulutsa nyimbo yatsopano yotchedwa "Noid". Pasanapite masiku ambiri nyimboyo idali itamveka m'maiko onse kumene achinyamata amamvera nyimbo pa lamya za m'manja. Koma pakati pa mawu a Chingerezi pankamveka mawu ena, amene anthu a ku Los Angeles ndi a ku London sadathe kumva tanthauzo lake, kotero kuti ambiri adayamba kufunsana pa intaneti kuti chimenechi nchinenero chanji.

Mnyamata wa pa Mtakataka, wa ku Golomoti kapena wa ku Mua sakadafuna womasulira, pakuti mawuwo adali a Chinyanja. Mwini wake adali Paul Ngozi wa ku Lusaka, amene pa nthawiyo nkuti atagona m'manda zaka 35, ndipo adatengedwa m'nyimbo yake ya m'chaka cha 1977 yotchedwa "Nizakupanga Ngozi". Imeneyi ndi imodzi mwa nyimbo zaukali koposa zimene zidajambulidwapo m'chinenero chimenechi, ndipo odziwa za nyimbo amaiika pafupi ndi maimbidwe amene Angerezi amawatcha heavy metal, ndiye kuti chitsulo cholemera. Idakondedwa kwao, idaiwalika kwao komweko, kenaka nkudzatoledwa ndi alendo. Tsono kuti awerengi amvetse kumene gitala yake idatenga ukali wotere, ayenera kuyamba afika ku mzinda wa Birmingham, ku England.

ZALA ZIWIRI ZA MNYAMATA WA M'FAKITALE

Birmingham udali mzinda wa mafakitale osula ndi kudula zitsulo, kumene mwana ankakula akumva kugunda kwa makina usana ndi usiku. M'dera la anthu osauka lotchedwa Aston mudakulira anyamata anayi: Tony Iommi, Ozzy Osbourne, Geezer Butler ndi Bill Ward. Iommi, amene adabadwa m'chaka cha 1948, ankagwira ntchito m'fakitale ya malata uku akuphunzira gitala. Ali ndi zaka 17, pa tsiku lenileni limene adati atsazike ntchito kuti azikaimba, makina adamdula nsonga za zala ziwiri za dzanja lamanja. Popeza iye ngwamanzere, zala zimenezo ndizo ankapanira nsambo.

Kapitawo wake adamubweretsera mbale ya Django Reinhardt, katswiri amene ankapana nsambo ndi zala ziwiri zokha dzanja lake litapsa ndi moto, ndipo mnyamatayo adalimba mtima. Adasungunula botolo la pulasitiki, naumba tizisoti toveka kunsonga za zala zodukazo, natikuta ndi chikopa. Poona kuti nsambo za gitala zikumupweteka, adamangako nsambo zowonda za banjo, ndipo pambuyo pake adayamba kuzikhwefula kuti zisamakungike kwambiri. Nsambo yokhwefuka imalira mawu aakulu, apansi, ndipo ikadutsa m'chokuzira mawu chotsegulidwa mpaka kumapeto imachita kubangula. Aliyense amene adakhomapo banjo ya chigubu cha mafuta ndi waya wa mabuleki a njinga angaimvetse nzeru imeneyi, pakuti ndi nzeru ya munthu wosowa.

Anyamata anayiwo adapanga gulu m'chaka cha 1968, ndipo chaka chotsatira adalitcha Black Sabbath, dzina limene adatenga ku kanema wina woopsa. Maganizo awo adali akuti ngati anthu amalipira ndalama kuti akaopsezedwe ku kanema, angathenso kulipira kuti amve nyimbo zoopsa. Chimbale chawo choyamba chidatuluka pa 13 Febuluwale 1970, ndipo ambiri amaliwerenga tsiku limenelo ngati tsiku lobadwa la heavy metal.

NYIMBO YONGODZAZIRA MALO

M'chaka chomwecho, ali mkati mojambula chimbale chachiwiri ku London, adauzidwa kuti nyimbo zaperewera ndipo pafunika ina ya mphindi ngati zitatu yoti idzaze malo. Iommi adayamba kuliza kachigawo kafupi, kothamanga, kobwerezabwereza. Butler adalemba mawu mwamsangamsanga. Osbourne adaimba akuwerenga papepala. Eni ake amati ntchito yopeka idatha pasanakwane ndi theka la ora lomwe. Nyimboyo adaitcha "Paranoid", mawu amene amanena za munthu wongoganiza kuti aliyense akumulonda ndi kumupangira chiwembu. Butler adafotokoza pambuyo pake kuti chimene ankalemba kwenikweni ndi matenda a kukhumudwa, amene amachititsa munthu kusakondwa ndi kanthu kalikonse.

Itatuluka m'mwezi wa Ogasiti 1970 idafika pa nambala 4 pa mndandanda wa nyimbo zogulidwa kwambiri ku Britain. Chimbale chake chidayenera kutchedwa "War Pigs", potsata nyimbo ina yodzudzula akuluakulu amene amayambitsa nkhondo nkumatumiza ana a amphawi kuti akafe, ndipo nkuti nkhondo ya ku Vietnam ili mkati. Koma a kampani adasankha dzina la "Paranoid", ndipo chimbalecho chitatuluka mu Seputembala chidakwera mpaka pa nambala 1.

Achinyamata a m'mafakitale adazilandira nyimbozi ndi manja awiri, pamene anthu ophunzira adazinyoza. Lester Bangs, mlembi wotchuka wa magazini ya Rolling Stone, adachinyogodola chimbale choyamba chija, ndipo alembi anzake ambiri adagwirizana naye kuti limeneli ndi phokoso la anthu osadziwa kuimba. Makolo ndi atsogoleri ena a mipingo, poona dzina la gululo ndi zovala zakuda, adagamula kuti anyamatawa ngopembedza Satana, chonsecho Butler adakulira m'banja la Chikatolika ndipo anayi onsewo ankavala mitanda pakhosi. Owerengeka okha mwa odzudzulawo ndiwo adakhala pansi kumvetsera kuti mawu akuti chiyani.

Nthawi ndiyo idaweruza mlanduwo. M'chaka cha 2006 gululi lidalowetsedwa m'nyumba ya ulemu ya oimba ku America, Rock and Roll Hall of Fame. Ku Finland nyimboyi idazika mizu kotero kuti chidasanduka chizolowezi kuti wina m'khamu afuule kupempha "Paranoid", kaya pa nsanja pali gulu loimba nyimbo za mtundu wanji. Ndipo pa 5 Julayi 2025, pa bwalo la mpira la Villa Park ku Aston komweko, anayi aja adakumananso kotsiriza pamaso pa anthu oposa 40,000. Osbourne, amene nkuti akudwala matenda a Parkinson, adaimba atakhala pampando. Nyimbo yotsekera idali "Paranoid", ndipo patangopita masiku 17 iye adamwalira ali ndi zaka 76.

MKOKOMO UFIKA KU LUSAKA

Pamene zimenezi zinkayamba ku Birmingham, dziko la Zambia nkuti lili m'zaka zake zokoma. Lidalandira ufulu pa 24 Okutobala 1964, mkuwa unkagulidwa pa mtengo wabwino, ndipo m'mizinda ya migodi monga Kitwe ndi Ndola mudali magetsi, maholo a dansi ndi antchito olandira malipiro pakutha pa mwezi. M'masitolo munkapezeka mbale za Beatles, Rolling Stones, Jimi Hendrix, James Brown, Deep Purple ndi Black Sabbath. Anyamata adayamba ndi kutsanzira, kenaka nkuyamba kupeka zawozawo, akusakaniza gitala yamagetsi ndi kagundidwe ka ng'oma zakwao. Maimbidwe amenewa adapatsidwa dzina loti Zamrock, ndipo amene amatchulidwa kuti adapeka dzinali ndi muulutsi wa pa wailesi Manasseh Phiri.

Chapakati pa zaka za m'ma 1970 Pulezidenti Kenneth Kaunda adalamula kuti mwa nyimbo 100 zilizonse zoulutsidwa pa wailesi ya dzikolo, 95 zizikhala za ku Zambia komweko. Cholinga chake chidali kukweza chikhalidwe cha dziko, koma amene adapindula msanga ndi anyamata a magitala aja. Makampani awiri a ku Ndola, Teal Record Company ndi Zambia Music Parlour ya Edward Khuzwayo, adayamba kutulutsa zimbale motsatizana. M'chaka cha 1975 chokha mudatuluka "Lazy Bones!!" ya gulu la WITCH, "Africa" ya gulu la Amanaz, ndi "Wings of Africa" ya gulu la Musi-O-Tunya.

Mwa onsewa, amene gitala yake inkalira mwaukali koposa adali Paul Dobson Nyirongo, dzina limene silachilendo kwa Mmalawi, pakuti a Nyirongo ali mbali zonse ziwiri za malire. Iye adabadwa m'chaka cha 1949 nakulira ku Chibolya, komboni ya ku Lusaka yodziwika ndi umphawi ndi uchigawenga. Adaimbako kanthawi ndi Musi-O-Tunya ku Nairobi, ndipo chifukwa cha machitidwe ake pa nsanja, kumene ankafika poliza gitala ndi mano monga ankachitira Hendrix, anthu adamutcha Ngozi. Atabwerera kwao adayambitsa gulu la Ngozi Family, ndipo m'chaka cha 1976 adatulutsa chimbale cha "Day of Judgement". Mnzake woimba ng'oma, Chrissy Zebby Tembo, adatulutsanso chake, "My Ancestors", m'mene muli nyimbo ya "Coffin Maker" imene aliyense woimva amakumbukira Black Sabbath.

Chinsinsi cha mawu a gitala ya Ngozi chidali kachipangizo koponda ndi phazi kotchedwa fuzz, kamene kamaphwanya mawu osalala a nsambo kuti atuluke osasa, ngati kulira kwa njuchi zambiri m'mphako. Akatswiri a makina poyamba ankawayesa mawu oterowo chilema choyenera kukonza, koma oimba a ku Birmingham ndi a ku Lusaka adawasandutsa chuma chawo.

CHIMENE NYIMBOYO IMANENA

M'chaka cha 1977 Paul Ngozi, Chrissy Zebby Tembo ndi Tommy Mwale woimba besi adapita ku Nairobi, ku nyumba yojambulira nyimbo ya Sapra, kumene adajambula chimbale cha "45,000 Volts". Dzinali nlodzitamandira ndithu. Magetsi a m'nyumba za kuno ali ndi mphamvu ya 230 volts, motero anyamatawa ankalonjeza mphamvu yoposa pamenepo pafupifupi ka 200. M'chimbalemo muli nyimbo za Chingerezi, monga "House of Fear" ndi "Night of Fear", ndiponso za Chinyanja, monga "Atate". Yotsegulira ndiyo "Nizakupanga Ngozi".

Mwana wa sukulu wa kuno atalemba mutu umenewu pa mayeso, mphunzitsi angaudule ndi inki yofiira nkulemba kuti "Ndidzakupanga ngozi". Komatu chimenechi ndi Chinyanja cha m'tauni ya Lusaka, kumene "ndi" amafupikitsidwa kukhala "ni" ndipo "dza" amasanduka "za", chinenero chimene chidakulira m'misika ndi m'mabasi pakati pa mitundu yambiri ya anthu. M'chaka cha 1968 dziko la Malawi lidasintha dzina la Chinyanja kukhala Chichewa, pamene Zambia adasunga dzina lakale, koma muzu ndi umodzi. Mutuwo ndi chiopsezo, kuuza munthu kuti adzaona zakuda. Ndipo popeza woopsezayo dzina lake ndi Ngozi, mawuwo ali ndi nthabwala mkati, monga muja amachitira wovina akamadzitchula yekha dzina pabwalo.

Nanga wolakwa walakwanji kuti aopsezedwe chotere? Munthu wongomva kubangula kwa gitala ndi kulemera kwa ng'oma angayese kuti ndi nyimbo ya chipolowe. Koma nkhani yake ndi ya mwambo wa pakhomo. Mwini nyumba akuchenjeza mlendo kuti pakhomo pa munthu pamafikidwa mwaulemu, ndi kuti iye sakondwera ndi munthu wolongolola, pakuti pakamwa posatseka ndipo pamachokera miseche. Mlandu wotere umakambidwa pabwalo la nyakwawa m'mudzi uliwonse wa kwa Kachindamoto, ndipo anamkungwi akhala akulangiza zomwezi kuyambira kale. M'komboni ngati Chibolya, m'mene nyumba zidathithikana ndipo zokamba za m'chipinda zimamveka kwa mnansi, nkhani ya miseche inkapasula mabanja ndi kumenyanitsa anthu. Ngozi adatenga zida za anyamata a ku Birmingham nanenera mavuto a pakhomo pake, m'chinenero cha omvera ake, ndipo nchifukwa chake anthu wamba adamuyesa wawo.

NANGA KUNO KU MALAWI?

Wina angafunse chifukwa chimene maimbidwe amenewa sadamere kuno, pamene chinenero nchimodzi ndipo Amalawi ambiri ankagwira ntchito ku Zambia. Amuna obwerera kuchokera ku migodi ndi ku mapulazi a kunja ankatsika sitima pa Mtakataka atanyamula wailesi, galamafoni kapena gitala, motero nyimbo zachilendo zinkafika ndithu. Koma gitala yamagetsi imafuna magetsi, chokuzira mawu ndi ndalama, zinthu zimene m'midzi ya m'chigwa cha nyanja mudalibe.

Chifukwa china chidali cha malamulo. M'chaka cha 1968 boma lidakhazikitsa lamulo lounika mabuku, makanema ndi nyimbo, pamodzi ndi bungwe loona kuti choyenera kumveka nchiti. M'chaka cha 1973 mudabwera lamulo la kavalidwe, loletsa akazi kuvala mathalauzi ndi madiresi aafupi, ndipo amuna nawo sankaloledwa kusunga tsitsi lalitali. Lamulo la kavalidwe lija lidachotsedwa m'chaka cha 1993. Wailesi idali imodzi yokha, ya MBC, ndipo woimba wofuna kumveka ankapita kukajambulitsa kumeneko. Mnyamata wa tsitsi lofika m'mapewa, wodzitcha Ngozi, akuopseza anthu pa nsanja, sakadapita patali.

Motero nyimbo za kuno zidatsata njira ina: gitala ya Daniel Kachamba, banjo ya Allan Namoko, Robert Fumulani ndi gulu lake la Likhubula River, ndi MBC Band. Ndipo kufupi ndi Mtakataka, ku parishi ya Balaka, m'chaka cha 1978 kudabadwa Alleluya Band, imene idadzakhala gwero la maimbidwe odziwika ndi dzina la Balaka.

NG'OMA ISWEKA

Akulu adati ng'oma yolira bwino sichedwa kusweka. Mtengo wa mkuwa udagwa chapakati pa zaka za m'ma 1970 pamene wa mafuta nkuti utakwera, ndipo anthu amene ankagula mbale adayamba kuwerengera ndalama ya ufa. Popeza Zambia ankasunga omenyera ufulu a ku Rhodesia, asilikali a Ian Smith adaponya mabomba pa msasa wa Chikumbi pafupi ndi Lusaka mu Okutobala 1978, ndipo mu Epulo 1979 adalowa mumzinda momwemo nkuphwasula nyumba ya Joshua Nkomo. Boma lidaletsa kuyenda usiku ndipo magetsi ankazimitsidwa, kotero kuti magulu oimba adasowa kokaimba. Eni mabala adaonanso kuti nchapafupi kulemba munthu mmodzi woika mbale za disiko kusiyana ndi kulipira anyamata asanu, ndipo makaseti okopera mwakuba adamaliza zotsalazo.

Pamwamba pa zonsezi padagwa mliri wa Edzi, umene udakolola oimba a m'badwo umenewo mosasiya. Mwa amene adayambitsa gulu la WITCH adatsala mmodzi yekha, Emmanuel "Jagari" Chanda, amene adakakhala mphunzitsi ndipo kenaka adapita kukakumba miyala yamtengo wapatali kuti adyetse banja. Paul Ngozi adamwalira m'chaka cha 1989 ali ndi zaka 40. Makampani a mbale adatseka, matepi ambiri oyambirira adatayika, ndipo mbale zimene zidatsala m'nyumba za anthu zidadyedwa ndi fumbi ndi dzuwa. Ku Kabwata, mu Lusaka, kuli msewu wotchedwa dzina lake, koma ana ambiri oyenda mumsewumo adakula osamvapo gitala yake.

MLENDO NDI KALUMO KAKE

Amene adayamba kufukula nyimbozi adali anthu a ku Ulaya ndi ku America osonkhanitsa mbale zakale, amene ankagula pa mtengo wokwera chimene eni ake ankachiyesa chinyalala. Kampani ya Now-Again Records ya ku Los Angeles, yotsogozedwa ndi Eothen Alapatt, idayamba kuzisindikizanso mogwirizana ndi oimba otsala ndi mabanja a omwalira. M'chaka cha 2010 idatulutsa nyimbo za Rikki Ililonga ndi Musi-O-Tunya, mu 2012 za WITCH, mu 2014 "Day of Judgement", ndipo mu 2021 "45,000 Volts". Kanema wofotokoza mbiri ya WITCH, wokonzedwa ndi Gio Arlotta wa ku Italy, adatuluka mu 2019, ndipo Jagari adabwerera pa nsanja atakalamba, nayamba kuimba m'maiko akutali. Mu 2022 woimba wamkazi wa ku Zambia, Sampa the Great, adatulutsa nyimbo ya "Never Forget" yolemekeza m'badwo wa Zamrock.

Umu ndi m'mene mawu a Ngozi adafikira m'makutu a Tyler, the Creator. Oimba a masiku ano ali ndi luso lodula kachigawo ka nyimbo yakale nkukasokerera m'nyimbo yatsopano monga chigamba pa nsalu, ndipo iye adatenga gitala ndi mawu omwe a "Nizakupanga Ngozi". Dzina loti "Noid" ndi chidule cha mawu aja akuti paranoid. M'nyimboyo iye akudandaula za moyo wa munthu wotchuka amene alibenso mpumulo pakhomo pake, poti anthu amamulonda, kumujambula ndi kumukamba. Apa nkuti chigambacho chagwera pamalo pake penipeni: dandaulo la mwini nyumba wa ku Lusaka wotopa ndi alendo amiseche ndi lomwelo la munthu wolemera wa ku California, ndipo mutu wake ukukumbutsa nyimbo ya ku Birmingham imene idathandiza kubala maimbidwe onsewa. Chimbale chake, "Chromakopia", chidafika pa nambala 1 ku America, ndipo dzina la Paul Nyirongo lidalembedwa pakati pa opeka nyimboyo.

Mlendo ndiye adza ndi kalumo kakuthwa, ndipo ayenera kuthokozedwa. Komabe nzomvetsa chisoni kuti olankhula Chinyanja ambiri adayamba kuidziwa nyimbo ya m'chinenero chawo itadzera ku America.

PHUNZIRO LA KU MUA

Anthu a m'chigwa cha Mtakataka ali ndi chitsanzo pakhomo pawo cha m'mene chinthu chonyozedwa chingasandukire chuma. Ansembe a chipani cha White Fathers adakhazikitsa mishoni ya Mua m'chaka cha 1902, ndipo kwa zaka zambiri panalibe mtendere pakati pa iwo ndi gule wamkulu. M'zaka za m'ma 1920 mkanganowo udakula kwambiri, ansembe akudandaula ku boma la atsamunda kuti gule akuletsa ana kupita kusukulu. Iwo ankaona maonekedwe oopsa ndi kumva mkokomo wa ng'oma usiku, nagamula kuti zonsezo nza mdima.

Pa mishoni yomweyo, m'chaka cha 1976, pamene Paul Ngozi ankatulutsa chimbale chake choyamba, Bambo Claude Boucher, wansembe wochokera ku Canada amene Achewa adamupatsa mfunda woti Chisale, adayambitsa malo a zaluso ndi chikhalidwe a Kungoni. Iye adachita chimene akale aja sadachite: adakhala pansi ndi eni mwambo kwa zaka zambiri, akumvetsera ndi kulemba tanthauzo la chilombo chilichonse ndi nyimbo yake. Zidaoneka poyera kuti kuseri kwa maonekedwe oopsawo kuli malangizo odzudzula ulesi, umbombo, chiwerewere ndi mwano. M'nyumba yosungiramo zakale ya Chamare mudasonkhanitsidwa nkhope za zilombo zoposa 400, ndipo m'chaka cha 2005 bungwe la UNESCO lidalengeza kuti gule wamkulu wa ku Malawi, Zambia ndi Mozambique ndi chuma cha anthu a dziko lonse lapansi.

Gule wamkulu ndi mwambo wopatulika ndipo sangalinganizidwe ndi dansi ya m'holo. Chofanana ndi khalidwe la oweruza, amene amagamula mlandu atangomva mkokomo, asanamve mawu. Adatero ndi Black Sabbath, amene ankadzudzula nkhondo. Ndipo wongomva gitala ya Ngozi sangadziwe kuti akuphunzitsa ulemu. Chimene chaweruzidwa kuti ndi phokoso palibe amene amachisunga, ndipo madzi akatayika saoleka.

Pa nkhani yosunga nyimbo, dziko lino lakhala likudalira alendo kwa nthawi yaitali. Nyimbo zimene Hugh Tracey adajambula m'midzi ya Nyasaland m'zaka za 1950 ndi 1958 zimasungidwa ku International Library of African Music, ku Rhodes University m'dziko la South Africa. Zambiri za Daniel Kachamba, amene adamwalira mu 1987, zidapulumuka chifukwa Gerhard Kubik wa ku Vienna adayamba kumujambula pamodzi ndi mng'ono wake Donald m'chaka cha 1967. Mmodzi mwa Amalawi amene adaigwira yekha ntchito yotereyi ndi Moya Aliya Malamusi, amene adasonkhanitsa nyimbo, nthano ndi zoimbira kwao ku Singano, ku Chileka.

Ntchitoyi lero njapafupi kusiyana ndi kale. Lamya ya m'manja imene mnyamata amamvererapo "Noid" ingathenso kujambula mawu a agogo ake oimba kaligo, bangwe kapena banjo, ndi nyimbo za amayi za pamtondo. Chofunika nkulemba dzina la woimbayo, mudzi wake, tsiku, ndi chimene nyimboyo ikunena, pakuti nyimbo yopanda dzina la mwini imasanduka ya aliyense woitola. Banja la woimba limene lasunga mbale kapena kaseti lisaitaye poti choimbira chidafa. Liifunditse pamalo pouma, posafika dzuwa, ndipo lifunse ku bungwe la COSOMA, limene lidakhazikitsidwa m'chaka cha 1992 kuti liziteteza umwini wa ntchito za aluso. Sukulu za sekondale za m'derali, zimene zili pafupi ndi Kungoni, zingathe kutuma ophunzira kukachita kalembera wa oimba a m'midzi yawo pa tchuthi chimodzi chokha.

"Nizakupanga Ngozi" idapulumuka chifukwa idasindikizidwa pa mbale, dzina la mwini wake lili pamenepo, ndipo mbale zina zidasungika mpaka wozifuna adafika. Oimba ambiri a m'zaka zomwezo a ku Golomoti, ku Mua ndi ku Mtakataka sadalowepo m'nyumba yojambulira nyimbo, ndipo nyimbo zawo zatsala m'mitu ya okalamba amene adavina nawo. Okalamba amenewo ngoyenera kuwafikira akadali moyo.